Emmett Kuhlman, Mwamuna Wosakwatira

Uthenga wa Emmett unandipeza ndili pamakwerero m'chipinda cha mabuku, ndikutsitsa buku la malo lolemera ngati mwana wa ng'ombe. Ndinaligwetsera patebulo, n'kupukuta manja pasiketi, n'kuwerenga.

"Mawa Amayi abwera kumeneko ndi pepala loti lidindidwe. Chonde usanene kanthu. Ndikufotokozera."

"Pepala lanji?" ndinalemba.

Foni inaonetsa kuti akuyankha. Inasiya. Inayambanso, n'kusiyanso. Ndinadziwa kuti zoona zake zinali m'mawu amene anafufutawo. Kenako kunangobwera kuti: "Tikumane kuchigafa ukaweruka."

Ntchito yanga ndi kufufuza malo. Munthu akafuna kugula nyumba kapena munda, banki imandituma ku ofesi yolembetsa malo, m'chipinda chapansi cha nyumba ya khoti, kuti ndikaone ngati wogulitsayo alidi mwini wake, ndiponso ngati palibe wina amene angadzatulukire mawa n'kunena kuti malowo ndi akenso. Minda ya m'boma lathu lino, kumwera kwa Ohio, ndimaidziwa yonse: amene anagula, amene analanda, amene anamwera mowa. Wa a Kuhlman ndimaudziwa popanda buku. Bambo anga anali tenanti wa fodya pamenepo, ndipo ine ndinakulira m'nyumba ya matayala kuseri kwa chigafa chawo.

Ndipo Emmett, mwana yekhayo wa a Kuhlman, anali mwamuna wanga. Zimenezi tinkazidziwa ine, iye, ndi anthu ochepa a tsidya la mtsinje, ku Kentucky, kumene akwathu amathawira akafuna ukwati wopanda mafunso. Umalowa kukhoti m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo watuluka uli pabanja. Mphete yanga inali pachingwe m'khosi, mkati mwa bulauzi. Emmett anati tidikire akolole kaye chimanga tisanaulule, komanso mtima wa amayi ake sunali bwino. Ndinavomera. Inenso ndimapusa nthawi zina.

"Twila Sparks!" Anali Darcy Boggs, amene amakhala pakauntala ndi makina odindira. "Foniyo yakuluma? Nkhope yagwa ngati wamva za maliro."

"Ndikuwerenga za nyengo, Darcy. Akuti kuwomba mphepo yambiri kuchokera pakauntala."

Bambo Lowell anaseka ali chiweramire pabuku lawo. Ndi mkulu amene amafufuza malo ngati ine, ndipo m'thumba la jekete amayenda ndi chidindo cholumbiritsira anthu pamodzi ndi mabisiketi.

Darcy sanaseke. Anali chibwenzi cha Emmett atangomaliza sekondale, ndipo mpaka lero Lamulungu lililonse amapita ndi keke kwa Mayi Kuhlman, n'kukhala nawo benchi imodzi kutchalitchi ngati mpongozi. Tsitsi lake silisokonekera ngakhale kunja kukuzuka mitengo.

"Ndamva unawoloka mlatho mwezi watha," anatero akukonza mapepala amene anali okonzeka kale. "Utavala deresi loyera."

"Anthu amawoloka kukagula ndudu zotchipa."

"Atatchena choncho? Tandiuza, mnzanga, kachitseko kakumbali kaja ka khoti la tsidyalo kadakalirabe ukamatsegula?"

Kachitsekoko kanaliradi. Emmett ndi amene anandilowetsa pamenepo, akuti kukhomo lalikulu kumachuluka maso, ndipo sanafunse munthu njira. Tsiku limenelo ndinangoti ndapeza mwamuna wodziwa kukonzekera.

* * *

Chigafa cha a Kuhlman chinasiya kusunga fodya kalekale, koma fungo silinachokemo. Ndinamupeza Emmett atatsamira thalakitala, akupotokola chipewa chake m'manja. Ndi chimunthu chachitali, cha mapewa ngati chitseko, koma mawu ake umachita kuwatchera khutu.

"Usakwiye," anayamba.

"Ndiye kuti ndikwiya. Nena."

"Amayi amva kuti ine ndi iwe tikuyendabe. Sabata yonse sanadye bwino. Akuti mundawu Bambo anaufera, ndipo theka limene anandisiyira ine lisadzapite kwa..."

"Kwa mwana wa tenanti. Maliza, sindikomoka."

"Anandipempha kuti ndiwabwezere theka langalo ndisanakwatire, kuti munda wonse ukhale m'dzina lawo. Akadzamwalira udzabwerera kwa ine, Twila. Palibe chikusintha. Dzulo tinapita kubanki, ndinasaina."

Kwathu kuno lamulo lake ndi lakale, koma likugwirabe ntchito. Mkazi akangokwatiwa amakhala ndi gawo pa malo a mwamuna wake, ndipo mwamunayo sangagulitse kapena kupereka ngakhale kachidutswa mkaziyo osasaina. N'chifukwa chake chikalata chilichonse cha malo chimanena, dzina likangotha, ngati munthuyo ali pabanja kapena ayi. Mizere yotereyi ndimaiwerenga tsiku ndi tsiku.

"Wasaina kuti ndiwe ndani?" ndinamufunsa.

"Anali atalemba kale, ine ndinangofikira..."

"Sindinafunse analemba ndani. Papepalapo palembedwa chiyani?"

Anayang'ana nsapato zake. "Emmett Kuhlman, mwamuna wosakwatira."



"Unakweza dzanja pamaso pa wolumbiritsa n'kunena kuti ulibe mkazi?"

"Ndi pepala chabe, Twila."

"Nanga la ku Kentucky lija ndi chiyani? Chitsulo?"

Anafuna kundigwira phewa. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Mvetsera bwino, Emmett. Mundawu sindikuufuna. Ndinaupalira ndili mwana, ndinatchola fodya wa bambo ako mpaka manja kuda ngati phula, unandikwana. Aziudya okha mayi akowo. Koma pepala likangodindidwa limalowa m'buku, ndipo buku la mu ofesi ija silifufutidwa. Ana athu adzakula, zidzukulu zidzabwera, wina adzatsegula tsamba limenelo n'kupeza kuti tsiku limene ine ndinali ndi mphete yako m'khosi, iwe unalumbira kuti ulibe mkazi. Ine mwini ndizidzalitsegula sabata iliyonse."

"Mtima wa Amayi..."

"Mtima wa amayi ako unaika mwamuna m'manda, unathamangitsa matenanti, ndipo chaka chatha unatsitsa m'busa paguwa. Ndi wanga umene ukuyenera kuudera nkhawa."

"Ndipatse mpaka tikolole."

"Ndinakupatsa kale. Mawa ubwere nawo. Ukawatuma okha, mphete yako ukaitenge kwa Darcy pakauntala. Aisunga bwino, ndikudziwa."

Nditatchula Darcy anadzidzimuka ngati waponda msomali. Ndinaona, koma mkwiyo unali wambiri, sindinafunse.

* * *

Madzulo onse foni inangokhalira kulira. "Wafika bwino?" "Twila, ndiyankhe." "Ndimakukonda, ukudziwa." Womaliza unati: "Pali china chimene ndikufuna ndikuuze, koma osati pafoni."

Ndinayankha umodzi wokha: "Ukandiuze pakauntala, anthu akumva."

M'mawa ndinadula chingwe chija ndi sizasi, n'kuvala mphete pachala.

* * *

Mayi Kuhlman anatsika masitepe a ofesi atavala chikhoti chawo cha kutchalitchi, chikwama chili kukhwapa, mutu uli m'mwamba ngati akubwera kudzayendera antchito. Emmett anali m'mbuyo mwawo, atameta ndevu mpaka kudzicheka. Anabwera. Chimenecho chokha ndinamuwerengera.

"Darcy, mwana wanga, wadzuka bwanji?" anatero mayiwo, akudutsa pafupi nane ngati ndine mpando. "Kumtunda kwa amisonkho ndadutsako kale. Tandidindira aka ndizipita, ndasiya nyemba pamoto."

Darcy analandira pepalalo ndi manja awiri. Analiyang'ana mwachangu, n'kulisendeza kumakina. Ndinafika ndisanaganize n'komwe, n'kuika dzanja langa lamanzere pamwamba pake.

"Pepalali likunama," ndinatero.

"Ife sitifufuza ngati pepala likunena zoona, Twila," anayankha Darcy mokoma ngati akuphunzitsa mwana. "Ukudziwa wekha. Likakhala losainidwa ndi lolumbiritsidwa bwino, timadinda basi. Chotsa dzanja."

Koma Mayi Kuhlman sankamvera Darcy. Maso awo anali pachala changa.

"Iwe mwana wa Sparks, chimenecho wachitenga kuti?"

"Dzina linasintha, Mayi Kuhlman. Masiku ano inu ndi ine tikuitanidwa mofanana."

M'chipinda cha mabuku anthu anasiya kutsegula masamba. Bambo Lowell anatulukira pakhomo, bisiketi ili m'manja, ngati munthu wopeza mpando wabwino ku mpira.

"Emmett," anatero mayiwo osacheuka, "muuze mtsikanayu achoke."

Inenso ndinacheukira kwa iye. Sindinamupemphe ndi maso, sindinalire. Ndinangomuyang'ana monga ndimayang'anira siginecha yokayikitsa. Khosi lake linafiira, chipewa chija chinapotokoledwanso. Ndinali nditayamba kale kusuntha mphete ndi chala chachikulu kuti ndiivule.

"Amayi," anatero. Anayambanso mokweza mpaka kumtunda anamva. "Amayi, uyu ndi mkazi wanga. Tinakwatirana mwezi watha, tsidya. Ndinanama kubanki."

Mayi Kuhlman sanagwe, sanagwire pamtima. Anangoika chikwama chawo pakauntala pang'onopang'ono.

"Wapambana," anandiuza. "Bambo ako analephera kugula ngakhale pomanga khola la nkhuku, iwe watenga munda ndi deresi limodzi. Akanakhala moyo akanakunyadira."

"Akanakhala moyo akanakuuzani kuti denga la nyumba munawapatsa ija linkadontha." Ndinatembenuka. "Bambo Lowell, chidindo chanu muli nacho?"

"Ndimagona nacho, mwanawe."

"Tilembereni pepala lina. Zonse zikhale momwemo, munda upite kwa mayiwa monga akufunira. Koma pa dzina la uyu mulembe kuti ndi wokwatira, ndipo pansi mulembe kuti ine, Twila Kuhlman, mkazi wake, ndikusiya gawo langa lonse."

Bambo Lowell anasiya kutafuna. "Ukudziwa chimene ukutaya? Umenewo ndi munda wa m'mbali mwa mtsinje, si bwalo la mpira."

"Ndikuudziwa kuposa onse ali muno. Lembani."

Mayi Kuhlman anandiyang'ana koyamba ngati munthu. "Ukufuna chiyani tsono?"

"Mzere umodzi m'buku, mayi. Dothilo khalani nalo, mudzagonemo."

Bambo Lowell analemba patebulo lawo, akung'ung'udza kuti zaka zonse agwira ntchitoyi sanaonepo mkazi akumenyera nkhondo kuti asapatsidwe kanthu. Emmett anathamanga nalo kumtunda kwa amisonkho kuti alidindenso, n'kubwera akupuma wefuwefu. Anasaina. Ine ndinasaina dzina langa latsopano, koyamba m'moyo wanga, zilembo zikuluzikulu zoti wakhungu aone. Emmett anandigwira chigongono, ndipo ulendo uno sindinamukane.

"Ukamaliza undibwereke cholemberacho," anatero Darcy.

Ndinamuyang'ana. Nthawi yonseyi anali chete, manja ali pamakina, ndipo chete wa Darcy si wabwino.

"Ukufuna kulemba chiyani?"

"Kusaina. Si mwati mkazi wake asaine?" Anamwetulira. "Ndionetseni pamene pali malo anga, Bambo Lowell."

"Darcy," anatero Mayi Kuhlman mwachangu, mawu atatsika. "Tinagwirizana."

"Tinagwirizana kuti ndidikire, Amayi. Sitinagwirizane kuti ndidinde ndi dzanja langa dzina la mwana wa tenanti pamalo panga." Anatembenukira kwa ine. "Kachitseko kaja kankalira kale, Twila. Tinalowera pomwepo ine ndi iyeyu, chaka chimene tinamaliza sekondale. Deresi langa linali lachikasu."

Dzanja la Emmett linachoka pachigongono panga.

"Zinatha zimenezo," anatero. "Twila, tinali ana, sitinakhale limodzi ngakhale mwezi. Ndi zimene ndimafuna kukuuza dzulo. Bambo atamva anakalipa, Amayi anabweretsa mapepala othetsa ukwati, tonse awiri tinasaina pakhonde. Amayi, auzeni. Munapita nawo kukhoti."

Mayi Kuhlman anatenga chikwama chawo, n'kuchitsegula, n'kuchitsekanso.

"Amayi?"

"Ndinawasunga bwino," anatero. "Ana amakangana lero, mawa agwirizana. Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzabwererana, ndiye ndikanathamangiranji?"

Bambo Lowell anakhala pansi pampando umene sunali wawo. Aliyense wogwira ntchito m'nyumba imeneyi amadziwa kuti pepala losungidwa m'kabati, losafika kwa wodinda, lili ngati silinalembedwe.

Ndinaganiza za deresi langa loyera, za chingwe ndinadula m'mawa, za mayi anga amene ndinali ndisanawauze. Darcy ankadikira kuti ndilire. Anachita kusendeza kabokosi ka timapepala topukutira misozi kufupi ndi ine.

Ndinakankha kabokosiko, n'kuika pepala latsopano lija pamakina, n'kutulutsa ndalama yodinditsira.

"Dinda."

"Sindingadinde bodza."

"Inu simufufuza ngati pepala likunena zoona, Darcy. Wanena wekha, anthu onsewa amva. Lasainidwa, lalumbiritsidwa. Bambo Lowell, chidindo chanu chili bwino?"

"Sichinakanidwepo," anayankha mkuluyo.

"Ndiye dinda, mnzanga. Kapena ndikwere kumtunda ndikafunse abwana ako chifukwa chimene kauntala yawo yayamba kusankha mapepala?"

Tsitsi la Darcy silinasokonekere, koma khutu lake linafiira. Analowetsa pepalalo. Makina analira kamodzi, kuti khotcho! Nambala, tsiku ndi nthawi zinatuluka pakona. Mawu akuti Twila Kuhlman, mkazi wake, analowa m'buku la boma ndi dzanja la Darcy Boggs.

Anandipatsa lisiti akumwetulirabe.

"Lako lalowa lero," anatero motsitsa. "Langa linalowa kalekale tsidya lija. Ndipo iwe ndi amene umaphunzitsa anthu lamulo la m'nyumba muno: mapepala awiri akalimbirana chinthu chimodzi, amayamba kufunsa kuti loyamba kudindidwa ndi liti."

* * *

Emmett anandipeza pamasitepe akunja, ndikufufuza makiyi m'chikwama.

"Twila, ndikulumbira, ndinkadziwa kuti zinatha."

"Usalumbirenso sabata ino. Wakwanitsa."

"Ndinaima pamaso pa Amayi. Unaona."

"Ndinaona, ndipo sindidzaiwala. Koma unandilowetsa pa chitseko chimene unalowetsa mkazi wina, n'kundisiya ndikuyamikira kuti umadziwa njira."

Kumbuyo kwake, pawindo la ofesi, ndinaona Darcy atagwira dzanja la Mayi Kuhlman, koma mayiwo sankamuyang'ana. Ankayang'ana ine.

"Ukupita kuti?" anafunsa Emmett nditatsegula galimoto.

"Tsidya. Moyo wanga wonse ndakhala ndikufufuzira anthu minda kuti asagule chinthu cha mwini. Iwe ndinakutenga osatsegula buku ngakhale limodzi. Ndikukatsegula lero. Mawu a Darcy sindiwakhulupirira, a mayi ako sindiwakhulupirira, ako ndiye usanene."

"Ndipite nawe."

"Ayi. Iwe pita kunyumba, ukatsegule kabati ya mayi ako asanafike ndi machesi."

Anatong'ola maso, n'kucheukira kuwindo. Mayi Kuhlman anali atachokapo kale. Galimoto yawo, imene amaiimika nthawi zonse kuseri kwa khoti, inali ikutuluka pageti mothamanga kuposa mmene ndinawaonerapo akuyendetsa.

Emmett anathamangira pikapu yake chipewa chikugwa. Ine ndinalunjika kumlatho, mphete ili pachala, dzanja lili pamwamba pa chiwongolero pamene tauni yonse ingalione.